MUYESO UMODZI KU LONDON NDI KU MINGA

Phunziro la kwa Akristu pa za makampani akuru a malonda

Musanayambe phunziro ili werengani pamodzi Levitiko 19:35-36, 1 Mafumu 21, Amosi 8:4-7 ndi Yakobo 5:1-6. Malembo onsewa anena za miyeso, za minda ndi za malipiro a anchito, ndipo aonetsa poyera kuti Mulungu asamala zocitika pamsika monga momwe asamalira zocitika m'nyumba ya mapemphero.

Mwezi wa Juni ukafika, mlimi wa ku Minga kapena wa ku Nyimba amanga thonje lace m'matumba, nalikweza pangolo, napita nalo kumsika. Kumeneko apeza mnyamata wokhala ndi sikelo ndi buku. Kawirikawiri mnyamatayo amdziwa, pakuti ndi mwana wa m'mudzi woyandikana nao. Koma mtengo umene mnyamata auchula sanaupange ndiye. Iye anauzidwa ndi manijala wa ku Petauke kapena wa ku Chipata. Manijalayo anauzidwa ndi akuru a ku Lusaka. Ndipo a ku Lusaka ayang'ana kwa eni kampani okhala tsidya la nyanja, anthu amene sanapondepo m'munda wa thonje wa kwathu kuno. Mau ocokera kutali cotero ndiwo anena ngati mwana adzapita kusukulu caka cino kapena adzakhala pakhomo. Cifukwa cace n'koyenera kuti Mkristu adziwe m'mene makampani otere asankhira zocita zao, ndi muyeso umene Mulungu awayesa nao.

1. Kampani ya maiko ambiri ndi ciani?

Anthu ambiri asonkha ndalama zao pamodzi kuti acite nazo malonda, ndipo yense alandira gawo la phindu molingana ndi ndalama zimene anaikamo. Amenewa ndiwo eni magawo. Iwo asankha akuru oyendetsa kampani, ndipo akuruwo alemba amanijala. Kampani ikakula, ikhazikitsa makampani ena m'maiko akutali, amene ali ngati ana ace, iyo nikhala ngati kholo lao.

Tisafulumire kunena kuti kampani yotere ndi yoipa. Malembo saletsa malonda kapena phindu. Lidiya, amene anatsegulira Paulo nyumba yace ku Filipi, anali wogulitsa nsalu za mtengo wapatali zocokera kudera lina. Kwathu kuno makampani abweretsa mbeu, mankhwala opopera ndi msika, zinthu zimene mlimi payekha sakadazipeza.

Coopsa cace ciri pa mtunda umene uli pakati pa wolamula ndi wobvutika. Wolamula samva kulira, ndipo wolira sadziwa khomo la wolamula. Cinthu cikalakwika, kalaliki wa pasikelo ati, ndinauzidwa ndi manijala. Manijala ati, ndi lamulo la ku likulu. A ku likulu ati, eni magawo afuna phindu. Mwini gawo ati, ine ndinangoikamo ndalama, zina sindizidziwa. Cotero mlandu uyenda kucokera kwa uyu kunka kwa uyo kufikira usowa mwini. Koma pamaso pa Mulungu palibe mlandu wopanda mwini. Tione tsono nkhani zitatu zoona, ziwiri za kwathu kuno ndi imodzi ya ku migodi.

2. Dziko lopatsidwa papepala

M'caka ca 1891 Mjeremani wina wa malonda a minyanga, dzina lace Carl Wiese, analandira kwa Mfumu Mpezeni pepala lomlola kufuna miyala ya mtengo m'dziko lino. Pepalalo linapita m'manja ena, ndipo m'caka ca 1895 kunapangidwa ku London kampani yochedwa North Charterland Exploration Company. Kampani ya Cecil Rhodes, British South Africa Company, inaipatsa dziko lalikuru mamailosi 10,000 a mbali zonse zinai, kuyambira ku malire a Nyasaland kufikira ku Luangwa. Midzi ya Ansenga, ya Acewa ndi ya Angoni inali m'kati mwa malire amenewo, koma eni midzi sanafunsidwe.

Eni magawo analikuyembekeza golidi wambiri. Mu Januwale 1898 kunabuka nkhondo, Angoni nagonjetsedwa. Nsingu mwana wa Mpezeni anaomberedwa, ndipo ng'ombe zikwi zambiri zinalandidwa. Golidi anapezeka wocepa, monga uja wa ku Sasare m'dziko la Petauke. Pamenepo kampani inaika mtima pa kugulitsa malo kwa azungu olima fodya pafupi ndi Fort Jameson, kumene lero timati Chipata.

M'caka ca 1928 Boma linakhazikitsa malo opatulidwira anthu akuda, ndipo mabanja ambiri anasamutsidwa m'malo a kampani, napanikizana m'malo ocepawo. Nthaka inaguga, mitengo inatha, njala inacuruka. Koma azungu amene analikuyembekezedwa sanadze ambiri, pakuti malonda a fodya anagwa nthawi yomweyo. Malo ocotsedwamo anthu anasanduka thengo, nyama ndi kashembe nabwereramo. Taonani cinthu comvetsa cisoni: kuno anthu alinkusowa polima, uko nthaka yabwino iri cigonere. Kampani inadandaula kuti Boma laicepetsera malo ace, ndipo m'caka ca 1932 woweruza Maugham anafufuza mlanduwo ku England. M'caka ca 1941 Boma linagula malo otsalawo, maekala oposa 3,000,000, ndi mapaundi 154,000, ndipo anthu anayamba kubwezedwamo.

Zonsezi zinali ndi mapepala ace, ndi zidindo zace, ndi maloya ace. Ngakhale munda wamphesa wa Naboti unalandidwa ndi makalata okhala ndi cidindo ca mfumu, pa bwalo la akuru a mudzi, pamaso pa mboni ziwiri. Ahabu sanaponye mwala ndi dzanja lace, ndipo sanalipo pamene Naboti anafa. Koma Eliya anatumidwa kwa iye ndithu, nampeza m'munda momwemo. Phunziro loyamba ndi ili: cololedwa ndi lamulo la anthu siciri colungama nthawi zonse, ndipo wopindula ndi coipa sangabisale kumbuyo kwa amene anacicita m'malo mwace.

3. Mtengo wa thonje m'caka ca 2012

Nkhani yaciwiri ambiri a inu muikumbuka. Kale thonje linali kugulidwa ndi kampani ya Boma yochedwa Lintco. M'caka ca 1994 nchito zace zinagulitsidwa kwa Lonrho ndi Clark Cotton. Pambuyo pace Dunavant, kampani ya ku Memphis ku America, inatenga malo a Lonrho, ndipo inali ndi makina ocotsa njere m'thonje ku Petauke. M'caka ca 2006 Cargill, yacimodzimodzi ya ku America, inagula Clark Cotton. Kacitidwe kace kanali kotere: kampani ipatsa mlimi mbeu ndi mankhwala pangongole, mlimi nalonjeza kugulitsa thonje lace kwa iyo, ngongole nicotsedwa pa tsiku la msika.

Mu Malici 2011 mtengo wa thonje pa misika ya dziko lonse lapansi unakwera koposa kale lonse, kupitirira madola awiri a ku America pa paundi imodzi ya kulemera. Caka cimeneco alimi a kuno analandira K3,200 pa kilo, ena koposa apo, m'ndalama zakale zija. Anthu anakondwa, nakuza minda, ena nacepetsa cimanga ndi nshawa kuti thonje licuruke. Koma pofika pakati pa caka ca 2012 mtengo wa kunja unali utagwa pansi pa dola imodzi, ndipo makampani anachula K1,600 pa kilo, theka la mtengo wa caka catha. Kunali mkwiyo waukuru. M'madera ena thonje linatenthedwa. Caka cotsatira alimi ambiri analeka thonje, ndipo zokolola za dziko lonse zinatsika koposa theka.

Tiweruze mwacilungamo. Makampani sananame ponena kuti mtengo wa kunja wagwa. Lingalirani za manijala wokhala muofesi yace mwezi wa Mei caka cimeneco. Akalipira mtengo wa caka catha, kampani itaya ndalama zambiri, kapena kutseka kumene, ndipo caka ca mawa padzasowa wogula. Akalipira mtengo wotsika, mai wamasiye amene anapalira munda miyezi isanu adzapita kwao ndi ndalama zosakwana thumba la feteleza atacotsa ngongole. Njira zonse ziwiri ziri ndi minga. Ndani wa ife anganene kuti kusankha kumeneko kunali kopepuka?

Koma funso la cikumbumtima liyenera kufunsidwa mwezi wa Novembala, pogawa mbeu, lisanafike tsiku la sikelo. Kampani ya maiko ambiri iri ndi anthu openya misika ya New York ndi ya Liverpool tsiku ndi tsiku. Mlimi wa ku Nyimba adziwa mtengo wa caka catha wokha. Wodziwa zambiri ali ndi mangawa kwa wodziwa zocepa. Kampani yoongoka iuza alimi poyera, asanabzale, kuti mtengo ukhoza kugwa, ndi kuti asasiye cimanga. Ipangana ndi oimira alimi za mtengo wotsikitsa umene sudzapitiriridwa pansi, ndi za njira yowerengera mtengo imene onse angaione. Isunga kanthu m'caka ca phindu lalikuru kuti ipepuze ngongole m'caka ca tsoka, monga Yosefe anasunga tirigu m'zaka za dzinthu. Pakuti sikulungama kuti m'caka cabwino phindu ligawidwe pakati pa onse, koma m'caka coipa katundu yense agwere pamutu pa wofooka. Ndipo taona kuti ngakhale kampani yomwe inalangika, pakuti makina ace anasowa thonje caka cotsatira. Phunziro laciwiri: amene agawana phindu agawanenso tsoka, ndipo wamphamvu asenze mbali yolemera.

4. Nkhuyu zodya ana zipota akuru

Nkhani yacitatu icokera ku Chingola. M'caka ca 2015 anthu 1,826 a m'midzi yoyandikana ndi mgodi wa Nchanga anasuma mlandu ku England. Ananena kuti madzi oipa ocokera kumgodi anaononga mitsinje imene amwamo ndi minda imene alima. Mgodiwo unali wa Konkola Copper Mines, ndipo kholo la kampaniyo linali Vedanta Resources, ya ku London. Kholo linakana, niliti mlandu ukazengedwe ku Zambia, pakuti mwana ndi kampani payekha.

Pa 10 Epulo 2019 bwalo lalikuru koposa la ku Britain linagamula kuti mlanduwo ukhoza kuzengedwa ku England. Oweruza anaona kuti kampani kholo ikadzinenera yokha m'mabuku ace kuti iyang'anira ana ace pa za kusamala madzi ndi nthaka, ikhoza kufunsidwa za zimene anawo acita. Mu Januwale 2021 mbali ziwirizo zinagwirizana kunja kwa bwalo, makampani nalipira, ngakhale sanabvomere kuti analakwa.

Makolo athu anadziwa ici kale pamene anati nkhuyu zodya ana zipota akuru, ndiponso kuti mlandu suola. Maiko a dziko lapansi afika pa nzeru yomweyo mocedwa. Mu Juni 2011 bungwe la United Nations linabvomereza malangizo onena kuti maboma ateteze anthu, makampani alemekeze ufulu wa anthu kulikonse kumene acita malonda, ndipo wolakwiridwa apeze pokadandaula. Phunziro lacitatu: madzi amene bwana sangapatse mwana wace ku London, asawatsanulire mumtsinje wa mwana wa mnzace ku Zambia.

5. Mafunso anai a woyendetsa malonda

Lamulo la Mose liletsa kukhala ndi miyeso iwiri m'thumba limodzi, waukuru wogulira ndi waung'ono wogulitsira. Kampani ya maiko ambiri iyesedwa kucita comweco mwa njira yatsopano: muyeso wina kwao kumene malamulo ali olimba ndi manyuzipepala ali maso, muyeso wina kuno kumene anthu ali osauka ndipo bwalo la milandu liri kutali. Ana athu ena tsopano ndi amanijala, owerengera ndalama ndi makalaliki m'makampani otere. Kwa iwo, ndi kwa onse okhala ndi mphamvu yosankha, ndipereka mafunso anai akuti adzifunse asanalembe dzina lao papepala.

Loyamba: Kodi adzasenza katundu wa cosankha ici ndani, ndipo ndamfunsa kodi? Akuru a North Charterland anawerenga maekala, koma sanawerenge anthu okhalamo.

Laciwiri: Kodi ndikadacita comweci kwathu, kwa amai anga ndi abale anga? Ngati iai, ndiri ndi miyeso iwiri.

Lacitatu: Kodi ndingathe kuima pabwalo la mfumu, mudzi wonse uli pomwepo, ndi kufotokoza cosankha ici m'cinenero cao, osabisa kanthu? Cimene cifuna mdima kuti cicitike ciri ndi cirema.

Lacinai: Cikalakwika, wolakwiridwa adzagogoda pa khomo liti, ndipo ndani adzabweza? Zakeyu atatembenuka mtima analonjeza kubweza kanai zimene analanda. Kulapa kopanda kubweza ndi mau cabe.

Wina adzati, Abusa, ine ndine wamng'ono m'kampani, ndikakana adzandicotsa nchito. Mantha amenewo sindiwapeputsa. Mnyamata wina wa mumpingo umene ndinalikutumikira anadza kwa ine usiku, nandiuza kuti kapitao wace anamlamula kucotsa kilo imodzi pa thumba lililonse, ati cifukwa ca zinyalala, ngakhale thonje likhale loyera. Anali ndi mkazi ndi khanda, ndipo nchito zinali zosowa. Tinapemphera, ndipo tinapangana kuti asacite mwaukali, koma apemphe kapitaoyo kuti alembe lamulolo papepala. Kapitao sanalembe, ndipo sanalichulenso. Koma caka cotsatira mnyamatayo sanaitanidwenso ku nchito. Sindikuuzani kuti cilungamo cilipira msanga nthawi zonse. Cimene ndinaona ndi ici, kuti anthu a midzi imeneyo amkhulupira kufikira lero, ndipo iye ayenda pakati pao wosaweramitsa mutu.

6. Sikelo ya kwathu

Tsono, abale, n'kosabvuta kuloza cala ku London ndi ku America. Koma Amosi analankhula kwa ogulitsa a mtundu wace womwe. Tidziyese ifenso. Alipo pakati pathu amene athira madzi m'thonje kuti lilemere, ndi ena obisa mcenga ndi miyala pakati pa thumba. Alipo amene alandira mbeu ndi mankhwala kwa kampani iyi, nagulitsa thonje usiku kwa wogula wina kuti athawe ngongole. Atero nati, kampani ndi yolemera, siidzamva kanthu. Koma kampani ibweza cotayika cimeneco pa mtengo wa caka ca mawa, ndipo wolipira ndi mnansi wako wokhulupirika amene anabweza ngongole yace. Ndiponso tikagulitsa cimanga kwa mnzathu wanjala m'mwezi wa Febuluwale ndi cigoba cophwanyika m'mbali, tiri ndi miyeso iwiri ife tomwe. Sitingafunse cilungamo kwa akuru a kutali pamene m'nkhokwe zathu muli cinyengo.

Cina cimene tingacite ndi kugwirizana. Mutu umodzi susenza denga. Mlimi mmodzi alibe mau pamaso pa kampani, koma alimi a midzi khumi okhala m'bungwe limodzi amveka. Musalembe dzina kapena kudinda cala pa pangano limene simunalimve. Pemphani mphunzitsi kapena mkuru wa mpingo akuwerengereni, ndipo sungani pepala lanu. Imani pafupi ndi sikelo, muone ndi maso anu. Alendo akadza kufuna malo akuru a munda kapena a mgodi, pemphani mafumu ndi nduna kuti nkhaniyo ikambidwe pabwalo, akazi ndi anyamata ali pomwepo, pakumbukira zimene zinagwera makolo athu ndi pepala la 1891. Ndipo kampani ikacita bwino, kulipira pa nthawi yace ndi kusunga mau ace, tiiyamike ndi kuisungira mau athu ifenso.

Mulungu ali ndi muyeso umodzi. Adzayesa nao mwini magawo, ndi manijala, ndi kalaliki, ndi mlimi. Koma kwa iye amene anapatsidwa zambiri adzafunsa zambiri.

Mafunso okambirana m'magulu

1. Cifukwa ninji Eliya anatumidwa kwa Ahabu, ngakhale Ahabu sanaphe Naboti ndi dzanja lace?

2. M'caka ca 2012, kodi makampani akadacita ciani asanagawe mbeu, ndipo alimi akadacita ciani?

3. Mkristu wa pasikelo akalamulidwa kunyenga, mpingo ungamthandize bwanji iye ndi banja lace?

4. Chulani miyeso iwiri imene ipezeka m'mudzi mwanu, ndi njira yoithetsera caka cino.

Pemphero

Mulungu Atate wathu, mwini nthaka ndi mvula, Inu muona m'maofesi a kutali monga muona m'minda yathu. Patsani oyendetsa malonda mtima wokumbuka anthu amene sawaona. Limbitsani ana athu ogwira nchito pasikelo ndi pamabuku, kuti asagulitse cikumbumtima cao cifukwa ca mantha. Tikhululukireni cinyengo cathu, ndipo mutiphunzitse kubweza mangawa athu. Mwa Yesu Kristu Ambuye wathu. Amen.